Kodi Tibvale Ciani pa Tsiku la Kulandira Digiri?



M'miyezi ya April ndi May masukulu akuru ambiri a kuno ku South Africa acita mwambo wa kupereka madigiri kwa ophunzira amene atsiriza. Masiku ano ana athu, ana a ife amene tinadza kuno kudzafuna nchito, alinso m'gulu limenelo, ndipo m'nyumba zambiri mwabuka funso lakuti: kodi mwana abvale ciani, nanga atate ndi amai abvale ciani? Ena ayesa funso ili lacabe, loyenera atelala okha. Ine nditi si lacabe iai, pakuti m'kati mwace muli ndarama, muli manyazi, mulinso ulemu.

Tiyambe ndi mwinjiro wakuda uja umene wophunzira abvala pamwamba pa zonse. Unacokera ku Ulaya, ku masukulu akale a Bologna, Paris ndi Oxford, m'zaka za m'ma 1100 ndi 1200. Nthawi imeneyo ophunzira anawerengedwa ngati anthu a mpingo, nabvala miinjiro yaitali monga ansembe, ndiponso inawafunditsa m'nyumba zozizira za miyala. Mwambowo unafika kwa ife pamodzi ndi masukulu: Fort Hare inatsegulidwa mu 1916, ndipo University of Malawi inalandira ophunzira ace oyamba mu 1965. Ku Oxford kufikira lero alamula ngakhale za pansi pa mwinjiro: zobvala zakuda, malaya oyera ndi nsapato zakuda.

Tsono taonani cimene mwinjirowo ucita. Mwana wa dokotala ndi mwana wa wokumba miyala, akalandira digiri imodzi, abvala mwinjiro wofanana. Nsaru ya maanga yolendewera kumsana inena za maphunziro amene munthu anacita. Sinena za cuma ca atate wace. Ndipo ambiri saugula, angoubwereka tsiku limodzi naubweza. Ife a ku mgodi ticidziwa cinthu cotere: polowa pansi, kapitao ndi wanchito wamba onse abvala cisoti ndi jombo, pakuti mwala susankha mutu. Cobvala cofanana cikumbutsa munthu kuti sali yekha.

Pali anthu a maganizo awiri. Oyamba ati, mtima ndiwo kanthu, bvala ciri conse. Awa alakwa pang'ono. Popita ku ukwati kapena ku maliro tisamba ndi kusita malaya, si cifukwa ca kunyada, koma kuti eni mwambo aone kuti tauyesa waukuru. Wofika pa tsiku lotere ndi malaya a litsiro anyoza aphunzitsi ace ndi onse amene anamlipirira.

Aciwiri ati, tsikuli lidza kamodzi, gula suti yoposa onse, ngakhale pa ngongole. Awa alakwa kwambiri. Tiyeni tiwerenge monga tiwerengera malipiro. Tinene kuti munthu atenga R2,000 kwa wa katapila, amene kuno amucha mashonisa, napangana kuonjezapo R30 pa R100 iri yonse pa mwezi. Pakutha mwezi umodzi ngongole iri R2,600. Akalephera kubweza, mwezi waciwiri ikula ndithu. Mwambo utha m'maora awiri kapena atatu, koma ngongole itsala m'nyumba, ndipo idya ndarama ya ufa, ya lendi, ndi ya fizi ya mng'ono wace wa wophunzirayo. Makolo anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Kodi nciani cipindula kuwala pa cithunzi, pamene agogo kumudzi alindira ndarama imene sidzafika?

Koma ciripo cina cowawa koposa ngongole. Alipo ana amene, pofika tsikuli, acita manyazi ndi zobvala za makolo ao. Auza mai wao kuti asabvale citenje ndi duku, auza atate kuti jekete lao lakalamba. Ena sawaitana konse. Mwana wanga, ima uganize. Jekete limenelo linakalamba cifukwa ndarama ya latsopano inapita ku mabuku ako. Manja a mai wako anakhakhala pocapa za eni ace kuti ako agwire colembera. Mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo. Kalata wa Yakobo, pa mutu 2, atsutsa msonkhano umene upatsa malo abwino kwa wobvala zokongola ndi kukankhira kumbuyo wosauka. Ngati sikuyenera kucitira mlendo cotero, nanga wakubala iwe?

Ndiponso manyaziwo alibe maziko. Pa miyambo imeneyi kuno, Azulu, Axhosa ndi Asotho ambiri afika ndi mikanda, zikopa ndi mabulangeti a kwao, ndipo amai aimba nthungululu dzina la mwana likachulidwa. Palibe awaseka. Cifukwa ninji ife tokha tibise citenje cathu?

Cifukwa cace, posankha cobvala, dzifunseni mafunso atatu. Loyamba, kodi ncocapa ndi cosita bwino, coyenera malo a ulemu? Laciwiri, kodi ncolipiridwa, kapena cobwereka kwa mbale mwa cikondi, cosasiya njala m'nyumba? Lacitatu, kodi mai wanga angathe kuima pambali panga pa cithunzi wosadziona wocepa? Cobvala cimene cipyola mafunso atatuwa ncabwino, cingakhale suti, diresi, kapena malaya a citenje osokedwa ndi telala wa pa komboni.

Ndipo ife a mpingo tithandizane. Amene ali ndi jekete labwino abwereke mnzace. Amai a cigwirizano asoke ndi kusita. Digiri ilembedwa dzina la munthu mmodzi, koma anaisenza ndi ambiri, ndipo tsikulo onsewo ayenera kulowa pa khomo mitu iri m'mwamba.

Tsalani ndi mtendere.