Lendi ya nthawi ya mliri: asenze ndani?

Anzanga a m'gulu muno, sabata ino ndabwera ndi funso limene lakhala likundizunguza mutu kuyambira chaka cha Covid. Munthu akuchita lendi shopu, mliri wagwa, makasitomala asowa. Mwini nyumba akufuna ndalama yake pa 5. Wa lendi sanalakwe, landilodi nayenso sanalakwe. Nanga ndalama yotayikayo asenze ndani?

Ine ndimagulitsa nsapato ndi zikwama m'kashopu ka lendi pafupi ndi msika, ndipo katundu ndinkaoda ku Joni. Pa 23 Malichi 2020 sukulu zinatsekedwa kuno kwathu, nsapato za ana asukulu n'kungokhala pa shelefu kumadya fumbi. Pa 27 Malichi dziko la South Africa linatseka zonse, njira ya katundu n'kuduka. Pofika Meyi, tsiku limatha ndagulitsa peyala imodzi, nthawi zina osagulitsa olo kamodzi. Koma lendi inali yomweyo, K60,000.

Mukafunsa malamulo, yankho lake ndi lalifupi: pangano ndi pangano. Khoti silimasula munthu ku zimene anasainira chifukwa choti zinthu zamuvuta. Limamumasula ngati kukwaniritsa panganolo kwakhala kosatheka, kapena ngati munalemberana kuti kukagwa tsoka loposa mphamvu za munthu mudzatani. Kapepala kathu kanali ka tsamba limodzi. Za mliri munalibemo. Ndani ankaganiza zimenezo?

Ndiye taonani pamene pandiseketsa mpaka lero. Boma litalengeza kuti tonse tibindikire m'nyumba masiku 21 kuyambira pa 18 Epulo, ife mavenda tinakana, ndipo pa 17 Epulo Khoti Lalikulu linaletsa zimenezo bungwe la HRDC litakadandaula. Tinavina. Ndipo sindikunong'oneza bondo, chifukwa wodya zimene wapeza tsiku lomwelo sungamutsekere m'nyumba milungu itatu. Koma chigamulo chomwecho chinandilanda ponamizira. Shopu sinatsekedwe ndi lamulo. Kiyi ndinali naye, chitseko chimatseguka. Pamaso pa malamulo, landilodi anandipatsa zonse zimene analonjeza. Makasitomala sanandilonjezepo.

Mwina mukuti, nanga inshuwalansi? Ambiri a ife tilibe. Mayi a landilodi anali nayo ya nyumbayo, koma inali ya moto. Inshuwalansi imalipira tsoka limene linalembedwa papepala basi, ndipo kawirikawiri pamafunika kuti china chake chapsa, chagwa kapena chabedwa. Ku South Africa, lesitilanti ina ya ku Cape Town yotchedwa Cafe Chameleon inakokerana ndi kampani ya Guardrisk mpaka ku khoti la apilo, n'kupambana mu Disembala 2020. Koma sinapambane chifukwa choti oweruza anaimvera chisoni ayi. Pepala lake linatchula matenda opatsirana ogwa mkati mwa makilomita 50 kuchokera pamalopo. Mawu olembedwa ndi amene anaipulumutsa. Ife inshuwalansi yathu inali banki m'khonde, ndipo chaka chimenecho tonse tinafuna kubwereka nthawi imodzi. Thumba limene limanyamula mmodzi akagwa silingathe kunyamula gulu lonse likagwera limodzi.

Malamulo atandikana, ndinathamangira ku umunthu. Ndinakonza mawu anga bwinobwino: mnzako akapsa ndevu m'zimire. M'mutu mwanga landilodi anali munthu wokhuta, ine wanjala. Nditafika kwawo ndinawapeza akuwerenga mapilitsi a BP. Ndi mayi wamasiye, akulera zidzukulu zitatu, ndipo mashopu awiri amene bambo anawasiyira ndiwo munda wawo. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, “Mwanawe, ndakumva. Koma ukapanda kundilipira, ana awa ndiwaphikira chiyani?” Apa ndiye ndinaona kuti ndevu zikupsa ndi za tonse.

Koma chinandilasa ndi funso lawo lachiwiri: “Mtsikana uja amakuthandiza ali kuti?” Abale, ndinasowa poyang'ana. Sabata yomweyo ndinali nditamuuza kuti ayambe wapita kumudzi, malipiro a mweziwo ndidzamutumizira zinthu zikayenda. Kwa landilodi ndinkapempha chifundo, kwa wantchito wanga ndinkapereka lamulo. Eti si mmene timachitira ambiri? Umunthu timaukumbukira tikamayang'ana amene ali pamwamba pathu. Tikayang'ana pansi, timati bizinesi ndi bizinesi.

Tsono yankho langa ndi ili. Malamulo amatiuza amene ali ndi ngongole, ndipo ndi bwino kuti amatero, apo ayi palibe akanabwereketsa nyumba yake kwa mlendo. Koma satiuza amene angathe kusenza. Tsoka limene palibe analipalamula siliyenera kutsetsereka kuchoka kwa wamphamvu mpaka kukathera pa mutu wa wofooka kwambiri, amene alibenso womukankhira. Aliyense atenge gawo lolingana ndi msana wake. Ndipo amene akupempha kuti amuchotsere, ayambe wadzifunsa kuti iyeyo wachotsera ndani.

Ena mutsutsa kuti zimenezi zimapereka mpata kwa akamberembere, oti ndalama ali nazo koma akunamizira mliri. Zoona, analipo. N'chifukwa chake wopempha chifundo ayenera kubwera ndi chilungamo m'manja. Ine ndinawatengera mayiwo kope langa la malonda, anawerenga okha. Tinagwirizana theka la lendi kwa miyezi itatu, theka linalo ndidzabweze pang'onopang'ono. Ndinamaliza mu 2021. Mtsikana uja ndinamutumizira ndalama yake mochedwa ndi miyezi inayi. Analandira, anathokoza, koma kuntchito sanabwererenso. Sindimuimba mlandu.

Pano pangano langa lili ndi masamba awiri, ndipo muli ndime ya zimene tidzachite kukagwanso mliri kapena msika ukatsekedwa. Inunso amene mukuchita lendi, kapena muli ndi alendi, lemberanani lero kukadali bata.

Ndiye ndiyankheni m'munsimu, alandilodi ndi alendi nonse: mukanakhala mayi aja, ana atatu akudikira nsima, theka lija mukanalandira?