Ngongole ya Wofufuza kwa Anthu a ku Nyanja

Mwana wobadwira ku Nkope, m'boma la Mangochi, amaidziwa nyanja asanadziwe sukulu. M'menemo amasamba, mayi ake amachapa ndi kutsuka mbale, ndipo bambo ake amakoka khoka. M'madzi omwewo ndi mmene muli likodzo. Mazira a tinyongolotsi ta nthendayi amatuluka ndi mkodzo wa wodwala, naswa m'madzi. Tizilomboto timalowa m'nkhono momwe timachulukana, kenaka timatuluka n'kuboola khungu la aliyense woponda m'madzimo. Kwa zaka zambiri anyamata a m'midzi ya m'mbali mwa nyanja akhala akukodza magazi, mpaka ena n'kumayesa kuti ndicho chizindikiro cha kukula.

Chodabwitsa n'chakuti dziko lakunja linadzidzimuka ndi likodzo la m'nyanja ya Malawi pamene linagwira alendo. M'chaka cha 1992 Aamereka awiri a bungwe la Peace Corps anadwala kwambiri atasambira ku Cape Maclear, pakuti nthendayi inawafika ku ubongo ndi ku msana. Akatswiri a bungwe la CDC anapima magazi a anthu 955 akunja okhala m'Malawi, napeza zizindikiro za likodzo mwa pafupifupi mmodzi pa atatu alionse. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 1996. Kodi ana a m'mudzi wa Chembe, amene ankasambira pagombe lomwelo tsiku ndi tsiku, anali asanayambe kudwala?

Kungakhale kupanda chilungamo kunyoza ntchito ya ofufuzawo chifukwa cha chiyambi chake. Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumoko kanametadi. Jay Stauffer wa ku America ndi Henry Madsen wa ku Denmark, pamodzi ndi anzawo a kuno, anaona kuti nsomba zodya nkhono, monga ya mtundu wa Trematocranus placodon, zinachepa m'madzi osaya, ndipo nkhono zinachuluka. Mu 2001 kunatsimikizika kuti nkhono yotchedwa Bulinus nyassanus, yokhala m'mchenga wa poyera pomwe anthu ankati ndi pabwino kusambira, imasunganso tizilomboti. Maganizo awo anali akuti kupha nsomba mopyola muyeso, makamaka ndi makoka a maso ang'onoang'ono, ndiko kunatsegulira nthenda khomo.

Apa ndiye pagona vuto. Nzeru imeneyi inachokera m'matupi a anthu. Ana asukulu anaima pamzera ndi timabotolo ta mkodzo, makolo analola, mafumu anapereka malo. Koma mapeto ake chala chinaloza kwa msodzi. Zoonadi khoka losokerera neti ya udzudzu limasesa ndi tiana ta nsomba tomwe, ndipo mwini wake akudzikumbira yekha dzenje. Komabe munthu amene ana ake agona ndi njala sangasiye khoka chifukwa chomva dzina la nkhono m'Chilatini. Kuuza mayi wa ku Nkope kuti asaponde m'nyanja, pamene mjigo uli kutali kapena unafa kalekale, n'kumunyoza mwaulemu. Mankhwala a praziquantel, amene amagawidwa m'masukulu, amapha tinyongolotsi ta m'thupi, koma sateteza mwana wobwerera m'madzi mawa lake.

Ena amati ntchito ya wofufuza ndi kupeza choonadi basi, ndipo kukumba mijigo ndi kumanga zimbudzi ndi udindo wa boma. Mfundoyi ili ndi nzeru zake, pakuti katswiri wa nkhono si mmisiri wa zitsime. Koma amene watenga kanthu kwa mnzake ali ndi ngongole. Wofufuza amene wakwezedwa pa ntchito chifukwa cha mkodzo wa ana a eni ake ayenera kubwerera kumudziko, kufotokoza zimene anapeza m'Chichewa kapena m'Chiyao, ndi kukagogoda kwa akuluakulu a boma m'malo mwa anthu osamveka mawu.

Mu 2017 akatswiri a ku Liverpool ndi a ku Malawi anapeza nkhono za mtundu wa Biomphalaria m'magombe a Mangochi, ndipo chaka chotsatira anatsimikiza kuti likodzo la m'matumbo lafalikira pakati pa ana asukulu a m'deralo. Ulendo uno kafukufuku sanadikire mlendo kuti adwale: opimidwa anali ana a m'deralo eni ake.