Khungu la Mtima

Kwa zaka zambiri nthenda ya trachoma idachititsa khungu anthu a ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Khungulo silinkadza mwadzidzidzi ai: zikope zinkatupa, nsidze nkupindikira m'kati, nkumakanda diso pang'onopang'ono kufikira mdima. M'chaka cha 2022 bungwe la WHO lidalengeza kuti Malawi waigonjetsa nthendayi, ndipo china mwa zida zake chidali kusamba kumaso.

Khungu la mtima, lonenedwa ndi Paulo Woyera m'kalata yake kwa Aefeso, liyambanso chomwecho. Wosakhulupirira sakana Mulungu tsiku limodzi. Ayamba wazolowera tchimo, pambuyo pake salionanso. Mkristu wobatizidwa nayenso angathe kugwa m'khungu lomweli. Chifukwa chake asambe mtima kawirikawiri m'Sakramenti la Kulapa, kuti moyo wake woyera uunikire mnansi wake wokhala mu mdima.