Kodi Wobvulala Mumtima Timweruze Bwanji?

M'zipatala zathu zonse muli odwala ena amene amatopetsa owasamala. Mai wina akana kuti namwino amuyese, nathawa osabwerakonso. Bambo wina aleka mankhwala asanachire, nabwerera ku kachasu. Mnyamata wina atukwana dokotala wosamlakwira kanthu. Ife msanga timati: ndi amwano, ndi aulesi, ndi osayamika. Koma kodi chiweruzo chotere ncholungama? Makolo athu anati umanena chatsitsa dzaye kuti njobvu ithyoke mnyanga. Tiyeni tsono tifunefune chatsitsa dzaye.

M'chaka cha 1985, ku San Diego m'dziko la America, dokotala Vincent Felitti anali kuthandiza anthu onenepa kopitirira muyeso. Anazizwa poona kuti ambiri anali kuleka chithandizo pa nthawi yomwe thupi lao linayamba kuchepa bwino. Atacheza nao mmodzi-mmodzi, anapeza kuti ambiri mwa iwo anagwiriridwa akali ana, ndi kuti kwa ena kunenepako kunali ngati linga lodzitchinjiriza nalo. Pambuyo pake, kuyambira 1995 kufikira 1997, iye pamodzi ndi dokotala Robert Anda anafunsa anthu oposa 17,000 za ubwana wao: ngati anamenyedwa, ananyozedwa, anagwiriridwa, anaona mai ao akumenyedwa, kapena anakulira m'nyumba ya chidakwa. Pafupifupi awiri mwa atatu alionse anabvomera chimodzi mwa zowawa zotere. Ndipo zimene anasindikiza m'chaka cha 1998 zinaonetsa kuti mwa amene anakumana ndi mitundu inai ya zowawazi kapena kuposapo, uchidakwa unachuluka kasanu ndi kawiri, ndi kuyesa kudzipha ka 12, poyerekeza ndi anzao okula mumtendere.

Chifukwa chake si chobvuta kumva. Munthu akaona choopsa, thupi lake limatulutsa madzi ena m'magazi, monga adrenaline ndi cortisol, kuti mtima uthamange ndipo iye athawe kapena alimbane. Choopsa chikapita, thupi limakhazikika. Koma mwana wokhala m'mantha zaka ndi zaka, thupi lake limazolowera kudikira tsoka. Akakula, chitseko chotseka, mau aukali kapena dzanja lomkhudza mosayembekezera zimadzutsa mantha akale aja, ngakhale nzeru zake zikudziwa kuti pano ndi pachipatala. Mai wothawa uja mwina sakunyoza namwino konse; akuthawa munthu wina amene anampweteka kalekale.

Nchifukwa chake asing'anga ambiri lero amaphunzitsa kuti tisayambe ndi kufunsa chimene chalakwika mwa wodwala, koma chimene chinamgwera. Bungwe la boma la America lotchedwa SAMHSA linalemba malangizo a njira imeneyi m'chaka cha 2014, ndipo umodzi mwa mitu yake ikuluikulu ndi wakuti wochiritsa asatsegulenso bala lakale. Machitidwe ake ndi apafupi: kulongosola zimene uti uchite usanakhudze wodwala, kupempha chilolezo chake, kumlola abwere ndi mbale wake, kuleka akanena kuti leka, ndi kusunga chinsinsi. Zonsezi sizilira ndalama, zilira ulemu.

Koma wina adzatsutsa kuti: ngati choipa chilichonse chili ndi bala kumbuyo kwake, ndiye kuti palibenso wochimwa. Iai, si tero. Katekisimu wa Eklezia Katolika wa chaka cha 1992, pa nambala 1735, aphunzitsa kuti mantha, kuumirizidwa, chizolowezi ndi mabvuto a m'maganizo zingachepetse mlandu wa munthu, nthawi zina kuuchotsa kumene. Tizindikire bwino: chimene chichepa ndi mlandu wa wochitayo, koma choipacho sichisanduka chabwino. Mwamuna amene anakula ndi chikwapu, ndipo lero amenya mkazi wake, tiyenera kumumvera chisoni. Koma choyamba titeteze mkaziyo ndi ana, ndipo iye aletsedwe. Tikumbukirenso kuti ambiri obvulala paubwana amakula nakhala makolo ofatsa. Kuuza munthu kuti bala lake lamlamulira moyo wonse nkumlanda ufulu umene Mulungu anampatsa.

Pali msampha winanso umene umakola anthu a mtima wabwino. Atamva kuti kufunsa nkwabwino, amayamba kukumba m'mtima mwa mnzao ngati ofukula mbewa. Dokotala Judith Herman, m'buku lake la chaka cha 1992, anaonetsa kuti kuchira kumayamba ndi kukhala pamalo popanda choopsa. Kufotokoza zakale kumadza pambuyo, pa nthawi imene mwini wake wasankha. Mbiri ya bala ndi chuma cha wobvulalayo. Ife tilibe ufulu woilanda, ngakhale ndi cholinga chabwino.

Inu akatekisti, mau awa akukhudzani kwambiri, pakuti osauka amayamba kugogoda pakhomo panu asanafike kwa dokotala. Kumbukirani anthu a ku Chilobwe ndi madera ena a kumwera, kumene namondwe Freddy anapha anthu oposa 1,000 m'mwezi wa Marichi 2023: mwana wopulumuka matope aja akamanjenjemera pomva mvula padenga, musamseke kapena kumkalipira. Mtsikana akakuululirani kuti wagwiriridwa, musamfunse chimene anabvala, musamkakamize kukhululuka lero lomwe, ndipo musalole kuti mlandu uthere pa mbuzi ya chipepeso. Mperekezeni kuchipatala maola 72 asanathe, kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV, ndiponso kupolisi, ku ofesi yothandiza ozunzidwa. Pa msonkhano wa mphakati musaumirize munthu kuulula zowawa zake pagulu. Ndipo amene muli m'komiti ya chipatala cha kwanu, pemphani kuti pakhale chipinda, kapena nsaru yotchinga yokha, kuti wodwala ayesedwe mosaonedwa ndi odikira panja.

Tsono yankho la funso lathu ndi ili. Ntchito yoipa tiitchule dzina lake mosaopa, ndipo ofooka tiwateteze. Koma kuyesa kulemera kwa mlandu wa mtima tikusiyire Iye amene aona zobisika. Gawo lathu ndi kukhala anthu amene wobvulala akakhala nao pafupi, mantha ake amayamba kuchepa.