Kanema Afunse, Mwana Ayankhe

Ndikulankhula ndi inu achinyamata a ku Mponela, ku Madisi, ku Mvera ndi kwa Malomo amene mwayamba kuphunzira kulemba mapulogalamu a pa kompyuta. Madzulo ano dutsani pa nyumba yoonetsera mafilimu pa msika wa kwanu. Mupeza ana atathinana pa mabenchi, maso ali pa kanema osaphethira. Kanemayo amangolankhula yekha kwa maola, osawafunsa kalikonse. Ntchito yanu ili pamenepo: mpangitseni kuti afunse funso, adikire yankho, kenako amuuze mwana ngati wakhoza.

Musati n'zosatheka. Mu 2008 pulogalamu ya Tikwere inayamba kumveka pa wailesi ya MBC. Mphunzitsi wa pa wailesi ankafunsa, n'kukhala chete pang'ono, kalasi yonse n'kuyankha mokweza. Wailesi sinkawamva anawo, koma ankaphunzira chifukwa wina anakhala pansi n'kuganiza bwino malo oti mwana alankhulepo. Ngati wailesi inatero, kuli bwanji kanema wa digito?

Kanema wa digito amanyamula chithunzi, mawu, komanso akhoza kunyamula kapulogalamu kakang'ono pa mafunde omwewo. Kakafika mu dekoda yotha kukawerenga, mwana amayankha ndi rimoti: batani lofiira, lobiriwira, lachikasu kapena labuluu. Mbuzi zitatu zaoneka, ina yathawira m'munda, zatsala zingati? Wadina, dekoda yamuyankha pompo, osagula bandulo ya intaneti. Ku Brazil anachita zimenezi osadikira azungu. Mayunivesite awo awiri, ina ya ku Rio de Janeiro ndi ina ya ku Paraíba, anapanga pulogalamu yochita zimenezi yotchedwa Ginga, ndipo maiko ena a ku South America anaitengera. Ife tili ndi kanema wa digito wa Kiliye Kiliye. Lemberani a MDBNL, amene amayendetsa Kiliye Kiliye, ndi a MACRA, oyang'anira zoulutsa mawu, afunseni kuti madekoda obwera m'dziko muno azitha kutsegula maphunziro otere. Afunseni mobwerezabwereza mpaka atope nanu.

Koma musakhale manja lende podikira yankho lawo. Ku Dzaleka, m'boma la Dowa lomweli, Remy Gakwaya, wothawa kwawo ku Burundi, anayambitsa TakenoLAB n'kuphunzitsa anzake kulemba mapulogalamu makompyuta ali osakwanira. William Kamkwamba anaimika makina a mphepo opangira magetsi kwa Wimbe ali ndi zaka 14, zida zake n'zotola kudzala. Inu muli ndi foni m'thumba, mukudikira chiyani?

Chimene chimandiwawa n'chakuti sukulu zitatsekedwa pa 23 March 2020 chifukwa cha Covid-19, mwana wa m'tauni anapitiriza kuphunzira, pamene wa m'mphepete mwa nkhalango ya Ntchisi anabwerera kukadyetsa mbuzi. Bungwe la onebillion laonetsa kale kuti ana athu amaphunzira kuwerenga ndi masamu pa tabuleti, m'Chichewa. Koma Chichewa cha mwana wa kwa Kayembe, nthano za agogo ake, mayina a mbewu za m'munda mwa bambo ake, amene akuzidziwa ndi inu.

Yambani ndi phunziro limodzi la Sitandade 1, mafunso khumi basi. Pitani kwa aphunzitsi a pa sukulu ya kwanu, akuonetseni pamene ana amapunthwa. Jambulani pa pepala zimene zidzaoneke pa kanema, muyese ndi ana asanu pansi pa mtengo. Akasokonezeka, konzani, akatopa, fupikitsani. Phunzirolo likatheka, liikeni pa fulashi, mupite nalo kwa mwini nyumba ya mafilimu uja, mumupemphe theka la ola Loweruka m'mawa, mpira usanayambe.