Chipangizo Chopachikidwa Pakhoma

M'nyumba zambiri zomwera mowa za m'midzi ya ku England, mlendo akakweza maso amaona zinthu zakale zitapachikidwa pamakoma: zikwakwa za mipini italiitali, zomangira akavalo pangolo, ndi ziwiya zina zimene achinyamata a kumeneko sadziwa n'komwe ntchito yake. Kawirikawiri pamakhalanso chiwaya cha mkuwa chokhala ndi chivundikiro ndiponso mpini wautali ngati wa khasu, chopukutidwa mpaka kumachita kunyezimira. Anthu a ku Britain amazikonda zinthu zotere. Kuyambira mu 1979 wailesi ya kanema ya BBC yakhala ikuonetsa pulogalamu ya Antiques Roadshow, mmene anthu amabwera ndi katundu wa makolo awo kuti akatswiri awauze mbiri yake ndi mtengo wake. Koma pali funso limene mtengo sungayankhe. Kodi tikasunga chipangizo cha munthu amene anatisiya kalekale, timakhala tikulemekeza munthuyo, kapena timangosangalatsa maso athu?

Tiyambe ndi chiwaya chamkuwa chija. Sichinali chokazingira chimanga ayi. M'nyengo ya chisanu, m'nyumba za anthu opeza bwino, wantchito ankathira makala a moto m'chiwayamo, n'kuvundikira, n'kukwera nacho kuchipinda chogona cha abwana ake. Kumeneko ankachiyendetsa pakati pa nsalu zapabedi kuti zifunde, osachiimitsa malo amodzi poopa kuwaula nsaluzo. Akamaliza, mtsikanayo, pakuti nthawi zambiri anali mtsikana, ankapita kukagona m'kachipinda kake kozizira. Lero munthu akamayamikira kukongola kwa mkuwawo saona utsi, saona mantha a kupsereza zofunda za abwana, saonanso manja amene ankanyamula moto kukafunditsa bedi la wina. Chiwayacho sichinama, koma chimanena mbali imodzi yokha ya nkhani.

Chopunthira tirigu chili ndi mbiri yowawa koposa. Chinali ndodo ziwiri, yaitali ndi yaifupi, zolumikizidwa ndi kachingwe kachikopa. Aganyu a m'minda ankapuntha nacho tirigu m'nkhokwe zikuluzikulu nyengo yonse ya chisanu, ntchito yothyola msana, komabe inali ntchito imene inkawadyetsa pamene kumunda kunalibe chochita. Eni minda atayamba kugwiritsa ntchito makina opunthira, ganyu uja anasowa ndipo njala inalowa m'makomo. Mu 1830, kuyambira ku Kent, aganyu anayamba kuphwanya makinawo ndi kutumiza makalata oopseza olembedwa m'dzina la Captain Swing. Boma linabwezera ndi dzanja lolemera: anthu 19 ananyongedwa ndipo ena pafupifupi 500 anawathamangitsira ku Australia. Tsono ndodo ziwiri zija zikakhala pakhoma monga chokongoletsa, pamene anthu akumwa ndi kuseka pansi pake, ine ndimaona kuti pali china chake chosalongosoka.

Wina angafunse kuti, nanga tizitaye? Iyayi. Chotayidwa sichiphunzitsa aliyense. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, mathirakitala analanda msanga ntchito ya akavalo m'minda ya ku England, ndipo ngolo ndi makasu okokedwa ndi akavalo zinayamba kuolera kuseri kwa makola. Poona zimenezi, mu 1951 University of Reading inakhazikitsa Museum of English Rural Life, nyumba yosungiramo zipangizo za moyo wa kumudzi. Pakanapanda anthu amenewa, zambiri zikanatha ndi dzimbiri kapena moto. Ndiponso si chakale chilichonse chimene chili ndi misozi. Ku Wales mnyamata ankasema sipuni pamtengo umodzi, n'kuikongoletsa ndi mitima ndi maunyolo, n'kukapereka kwa namwali amene ankamufuna. Yakale kwambiri yodziwika chaka chake ndi ya 1667, ndipo imasungidwa ku St Fagans, pafupi ndi Cardiff. Iyo inapangidwira maso kuyambira pachiyambi, choncho kuiyang'ana sikuilakwira.

Vuto lili pa zipangizo zimene zinapangidwira manja. Munthu mmodzi amene anazindikira zimenezi ndi George Ewart Evans, mphunzitsi wa ku Wales amene anakakhala m'mudzi wa Blaxhall ku Suffolk. Iye anaona kuti nkhalamba zoyandikana naye, abusa a nkhosa ndi oyendetsa akavalo, zinali ndi mawu ndi nzeru zimene zikanalowa nazo m'manda. Anakhala pansi n'kumazimvetsera, ndipo mu 1956 anatulutsa buku lotchedwa Ask the Fellows Who Cut the Hay. Paja amati mawu a akuluakulu amakoma akagonera, koma kuti agonere pafunika wina awasunge. Chikwakwa chokhala m'galasi sichingakuuzeni mmene ankachinolera, nthawi imene udzu unkamweteka bwino, kapena malipiro amene womweta ankalandira dzuwa likamalowa.

Pano ophunzira a kwathu kuno ali ndi mwayi umene wogula wa ku London alibe. Simbi ya makala, imene kumeneko imagulitsidwa m'masitolo a zinthu zamakedzana kuti ikakhale pashelefu, kuno ikusitabe yunifolomu Lamlungu madzulo. Amene anaigwirapo amadziwa kulemera kwake, amadziwa kukupiza makala kuti ayake, amadziwanso kupsa mtima kumene kumabwera phulusa likagwera pamalaya oyera. Woteroyo amaidziwa simbi kuposa amene anaigula ndi ndalama zambiri. Komabe ndikayika ngati angakane simbi yamagetsi ataipeza, ndipo sindingamudzudzule. Kukonda chipangizo chakale n'kosavuta kwa munthu amene sichimutopetsanso.

Maganizo anga ndi akuti kusunga n'koyenera, koma wosungayo ali ndi ngongole. Ayenera kusunga pamodzi ndi chinthucho mbiri ya amene ankachigwira, yokoma ndi yowawa yomwe, ndipo ngati n'kotheka asungenso luso la kapangidwe kake. Luso ndilo limafa msanga. Mu 2017 bungwe la Heritage Crafts linatulutsa mndandanda wa ntchito zamanja zimene zikutha ku Britain. Pa ntchito zimene zinalembedwa kuti zatheratu panali yopanga masefa a mkombero wamatabwa, opetera mbewu ndi kusefera dothi. Masefa akalewo analipo ambiri m'nyumba zosungiramo zakale ndi m'masitolo, koma panalibenso amene ankawapanga ngati ntchito yake. Mbiriyi itamveka, anthu ochepa anayamba kuphunzira kupinda thabwa ndi kuluka waya, kotero kuti pamndandanda wa 2019 ntchitoyi inachotsedwa m'gulu la zotheratu n'kuikidwa m'gulu la zimene zili pangozi yaikulu.