Khutba ya Jumu'ah: Chimanga cha GMO ndi Malire a Munda wa Mnansi

Kutamandidwa konse nkwa Allah, Mwini mvula ndi nthaka, Amene amameretsa mbewu ife tili m'tulo. Ndikuikira umboni kuti palibe wopembedzedwa mwachoonadi koma Allah yekha, ndi kuti Muhammad ndi kapolo Wake ndiponso Mtumiki Wake. Madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, pa akubanja kwake ndi pa maswahaba ake onse.

Akapolo a Allah, ndikudzilangiza ndekha ndi kukulangizani inu kumuopa Allah, m'mzikiti ngakhalenso kumunda.

Mitambo yayamba kusonkhana ndipo makasu atuluka. Pa nyengo ngati ino ena mwa inu mwakhala mukufunsa kuti chimanga chimene mumachimva pa wailesi, chotchedwa GMO, ndi halali kapena haramu. Mlimi wa kuno ku Chifunde ali nacho chifukwa chofunsira. Kuyambira mu 2017 ntchemberezandonda zakhala zikudya chimanga chathu kuyambira kumtima, ndipo amene anaona munda wake masamba ali zibowo zokhazokha sangatseke makutu akamva kuti kuli mbewu yodziteteza yokha ku mbozi.

Tiyambe tadziwa chinthucho tisanachiweruze. M'njere iliyonse Allah anaikamo malangizo obisika amene amachititsa kuti chimanga chibale chimanga, osati mapira. Akatswiri amawatcha majini, koma musawasokoneze ndi majini aja otchulidwa m'Qur'an. Dzina lokha ndilo lafanana. Asayansi anaphunzira kutenga kachidutswa ka malangizowa m'cholengedwa china nkukaika m'mbewu. Chimanga cholimbana ndi mbozi anachipatsa kachidutswa kochokera ku kachilombo kam'nthaka kotchedwa Bacillus thuringiensis, kotero kuti mbozi ikadya tsamba lake imafa. Ku South Africa akhala akulima chimanga chotere kwa zaka zoposa 20. Kuno ku Mozambique bungwe la boma lofufuza za ulimi, IIAM, linabzala chimanga cha GMO koyamba mu 2017 ku Chókwè, m'chigawo cha Gaza, m'munda woyesera wotchingidwa. Ku Malawi boma linaloleza thonje la mtunduwu mu 2018.

Ena amati uku nkusintha chilengedwe cha Allah, ndipo amakumbutsa kuti mu Surat an-Nisa Satana analonjeza kulamula anthu kuchita zimenezo. Mantha awo ndi a munthu wachikhulupiriro, tisawaseke. Koma ofotokoza Qur'an akale anamasulira kusinthako kuti ndi kupotoza chipembedzo chimene munthu amabadwa nacho, ena anati ndi kufula ziweto, ndipo ndime yomweyo ikunena za kudula makutu a ziweto chifukwa cha mafano. Agogo athu pamene ankasankha zisononkho zazikulu nkuzipachika pamwamba pa moto kuti zikhale mbewu, nawonso ankasintha chimanga pang'onopang'ono, ndipo palibe sheikh anawadzudzula. Kumbukiraninso nkhani imene Imam Muslim analandira. Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, anapeza anthu a ku Madina akuthira mungu pa mitengo ya tende ndi manja awo, ndipo ananena kuti mwina sikofunika. Iwo anasiya, zokolola zinachepa, ndipo iye anawabwezera ku luso lawo nawauza kuti zaulimi wawo akuzidziwa bwino ndi eni ake. Nchifukwa chake bwalo la Fiqh la Muslim World League, litakumana ku Makka mu 1998, linagamula kuti luso limeneli nlololedwa pa ulimi ndi pa ziweto, bola pakhale kusamala kuti lisabweretse choipa kwa munthu, nyama kapena chilengedwe. Linapemphanso makampani kuti aziulula zimene zili m'katundu wawo.

Choncho njere payokha si haramu. Koma amene waima pamenepa wayankha funso lopepuka nkusiya lolemera.

Akuluakulu muli pano mukukumbukira njala ya 2002. Chimanga cha chithandizo chinabwera kuchokera ku America, china mwa icho cha GMO. Pulezidenti Levy Mwanawasa wa Zambia anachikana, anthu ake ali ndi njala. Mozambique, Malawi ndi Zimbabwe anachilandira koma anati chiyambe chapita kuchigayo. Ine ndimaona nzeru m'chigayo chimenecho, chifukwa chinalekanitsa mafunso awiri amene ife timawasakaniza: kudya ndi kubzala. Ufa umathera m'mbale ya amene waudya. Njere ikalowa m'nthaka, nkhani yake siikhalanso ya munthu mmodzi.

Inu alimi mukudziwa kuposa ine kuti ngayaye zikatuluka, mungu sufunsa malire a munda. Ndani sanaonepo njere zachikasu pa chisononkho cha chimanga choyera, chifukwa cha zimene mnansi anabzala? Tsono taganizani za mayi wamasiye amene amasunga mbewu yamakolo, yolimba, yosafumbwa msanga m'nkhokwe, yokonoka bwino mumtondo. Alibe ndalama yogulira mbewu chaka ndi chaka. Chuma chake ndi mbewuyo. Ngati ine ndabzala chimanga chatsopano pafupi ndi munda wake osamuuza, ndamusinthira mbewu yake iye asakudziwa. Mwina sadwala nayo. Komabe ndamulanda kusankha, ndipo Shariya ili ndi lamulo lalikulu loletsa kudzipweteka ndi kupweteka wina. Ufulu wa mnansi, umene Jibril anaubwereza kwa Mtumiki mpaka iye anaganiza kuti mnansi adzapatsidwa gawo la chuma chamasiye, sutha pa khomo la nyumba. Umafika pa mzere womaliza wa munda.

Ndipo ife mnansi wathu si wa m'mudzi yekha. Pa Cassacatiza matumba amadutsa tsiku ndi tsiku, kupita ku Katete ndi kubwera kuno, pomwe Zambia ili ndi malamulo akeake pa mbewu zimenezi. Wonyamula mbewu yosadziwika pa njinga nkuolotsa mobisa waswa chisankho cha dziko lonse la anthu ena.

Palinso chinthu chimene otsatsa malonda sakonda kuchitchula. Ku South Africa, pofika 2007, kapuchi anayamba kupirira chimanga choyamba cha mtunduwu. Nchifukwa chake mlimi amauzidwa kusiya kachigawo ka munda ka chimanga wamba, kuti mbozi zosapirira zisathe. Wina akanyozera chifukwa cha dyera, mbewuyo imatha mphamvu kwa onse.

Tsono malamulo a zimenezi alembe ndani? Dziko lathu lili mu pangano la Cartagena la chaka cha 2000, ndipo lili ndi lamulo lake, Decreto 71/2014. Kunja kuli mbali ziwiri zimene zimakoka maboma a mu Africa. Ena amalimbikitsa mbewuzi, monga bungwe la AATF la ku Nairobi limene limatsogolera ntchito ya chimanga cha TELA, ndipo kunena chilungamo, lusolo linaperekedwa popanda malipiro a umwini. Ena amazikana kotheratu. Onsewo ali ndi ndalama zoyendera pa ndege ndi zochitira misonkhano ku Maputo. Mlimi wa ku Mualadzi alibe. Koma amene adzagula mbewuyo chaka chilichonse, popeza ndi ya haibridi ndipo yobwereza siibereka chimodzimodzi, ndi iyeyo. Ife olima fodya tikudziwa tanthauzo la kulandira zipangizo pa ngongole nkumadikira mtengo woikidwa ndi wina. Sindikunena kuti tikane mbewuyi. Mwana wogona ndi njala chifukwa cha mbozi nayenso ali ndi ufulu pa ife, ndipo kukana chinthu chothandiza chifukwa cha mphekesera si kuopa Allah. Ndikunena kuti lamulo lolembedwa popanda kumva mwini khasu, m'chilankhulo chimene iye sachimva, lasemphana ndi shura.

Amalonda muli m'mzikiti muno, mawu awa ndi anu. Mtumiki anapisa dzanja m'mulu wa chakudya pamsika napeza chonyowa chabisidwa pansi, ndipo anamuuza wogulitsayo kuti wachinyengo sali mwa ife. Mbewu yochotsedwa m'paketi yake nkumagulitsidwa m'mbale, kapena chimanga wamba chopakidwa utoto kuti chioneke ngati cha kampani, ndi mulu womwe uja. Gulitsani mbewu ndi dzina lake. Inu ogula, funsani mlangizi wa zaulimi kuti mbewuyo ndi yanji, ngati boma linailoleza, ndi ngati ingabzalidwenso. Mukafuna kuyesa mtundu wachilendo, pitani kaye kwa amene mwagundana naye munda, mugwirizane za mtunda kapena za kusiyanitsa masiku obzala. Ndipo alangizi akaitanitsa msonkhano kwa mfumu, musatume ana.

Allah tipatseni mvula yamadalitso yopanda chiwonongeko, tetezani minda yathu ku mbozi, ndipo dalitsani zimene mwatipatsa. Ndanena mawu angawa, ndipo ndikupempha chikhululuko kwa Allah pa ine, pa inu ndi pa Asilamu onse. Mupempheni chikhululuko.